Mkamwini Wojambula Mabwinja

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni alamu anga a Mbewe, ndipo anthu ayamba kale kuwakometsera mbiri. Dzulo kuchitsime ndidamva a Nachisale akuuza mtengwa wina kuti malemuwo adali munthu wa Mulungu, wosayambana ndi aliyense. Ndidangosenza mtsuko wanga n'kumaseka ndekha m'njira. A Nachisale omwewo ndi amene adazungulira mudzi wonse zaka zinayi zapitazo, mpango uli m'manja, kuuza anthu kuti a Mbewe ndi mfiti. Ndiye ndati ndilembe zimene ndikudziwa ine mlamu wawo, maliro asanawasandutse mngelo.

Adali amuna a akulu anga, a Esinati. Adafika m'mudzi mwathu, kumadzulo kwa Nsaru kuno, imvi zili mbuu, akukankha njinga, kamera ili lende pakhosi m'thumba lachikopa. Adali mtchona. Adatha zaka makumi atatu ku Halale, m'sitolo ya mmwenye wina wojambula anthu, ndipo ntchito yawo idali yotsuka zithunzi m'kachipinda kamdima. Ankanyadira kuti maso awo amaona bwino usiku kuposa masana, mawu amene mkamwini wochenjera sakadawatulutsa pagulu. A Esinati nthawi imeneyo n'kuti ali namfedwa wa ana atatu, ndipo adawalola chifukwa bamboyo sankamwa mowa komanso ankadziwa kuseketsa ana.

Tsiku la msika ankapita pa Nsaru, n'kupachika nsalu pakhoma la sitolo, n'kumajambula anthu. Adali ndi jekete imodzi yobwereketsa, ndipo ndikhulupirira kuti theka la anyamata a ku Kabudula adafunsira mbeta ndi chithunzi cha jekete yomweyo. Ntchitoyi ankaigwira mong'ung'udza. Ankati munthu akaima patsogolo pa kamera amayamba bodza: mimba abweza m'kati, dzanja aonetsa wotchi ya mnzake yosayenda, nkhope aumitsa ngati akumuzula dzino. Bwinja lokha, ankatero, ndilo silibwereka jekete. Mtima wawo udali kumabwinjako. Akamva kuti kwinakwake kuli mudzi umene anthu adasamukapo, kapena chigafa cha mzungu wa fodya chimene denga lidagwa, ankapalasa njinga tsiku lathunthu kukachiona, n'kubwerako ali chisoso thupi lonse, akumwetulira ngati akadya ukwati.

Pa ulemu wa apongozi mpomwe ankatiseketsa. Amayi athu adawaposa a Mbewe zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi basi, koma mwambo ndi mwambo: mkamwini sayang'anana ndi apongozi, salankhulana nawo maso ndi maso, sakumana nawo panjira. A Mbewe adautenga mwambowu ndi manja awiri. Akangoona nsalu ya amayi ikubwera poteropo, nkhalamba yathunthu ija inkadumphira m'tsekera, njinga ndi kamera yomwe. Tsiku lina adagwera pa chitedze.

"Alamu," ndidatero ndikuwapatsa phulusa loti adzikhule, "mudzafera m'thengo inu chifukwa cha ulemu."

"Ndikafa mudzalira ndinu, mkazi wanga wamng'ono," adayankha, uku akudzikanda m'khosi.

Amene ankakangana nawo tsiku ndi tsiku adali atsibweni athu, a Gidiyoni, mlongo wawo wamng'ono wa amayi komanso mwini mbumba yathu. Atsibweni si munthu woipa, koma akaona dothi lakuda malovu amadzadza m'kamwa. Kwa iwo malo osabzalapo fodya ndi malo otayika. Ankati a Mbewe ndi mwana wa imvi, woononga filimu pa mafuwa ndi nsatsi. A Mbewe ankabweza kuti a Gidiyoni akadzafika kumwamba adzayamba n'kufunsa ngati dothi lake limalola fodya wa chikopa. Ankatero atakhala pamkeka umodzi, akusoka fodya wa atsibweni yemweyo.

Chimene adalimbirana kwenikweni ndi bwinja lathu. Mudzi wathu udasamuka itangotha njala ija. Maliro adachuluka, chitsime chidaphwa, ndipo akuluakulu adati tisendere kufupi ndi msewu. A Mbewe adabwera titasamuka kale, moti mudzi wakalewo sadauone uli ndi anthu. Adaupeza uli mango, nkhadze, mphero zosweka ndi zitunda za nyumba zakugwa, manda ali chapafupi kumunsi kwake. Atsibweni ankalifuna bwinjalo, poti fodya wa pabwinja safuna kunyengerera. Amayi adakana zaka zisanu. Chaka chachisanu ndi chimodzi adatopa nako kukana, adati lilimidwe. Lupsa lidadutsa, malo adayera, ndipo atsibweni adanola makasu.

A Mbewe atamva adasowa mtendere. Adandiuza kuti masana bwinja silioneka, limangokhala phulusa losalala, koma usiku mwezi ukakhala chammbali chitunda chilichonse chimakhala ndi mthunzi wake, mudzi wonse n'kudzuka. Ndidawafunsa chimene chidawalowetsa m'zinthu zoterezi, poti sizidyedwa. Adayamba amaliza kumata chubu cha njinga, kenaka adandifotokozera. Pobwera ku Halale adatsika lole pa Nambuma, n'kuyenda pansi kupita kwawo, mphatso za amayi awo zili pamutu. Adapeza mango ndi nsatsi. Padalibe ngakhale galu woti awauwe. Adakhala pansi mpaka kudada, ndipo mwezi utatuluka adaona zitunda khumi ndi chimodzi. Adaziwerenga kubwerezabwereza, koma sadathe kudziwa kuti cha amayi awo n'chiti. Aka kadali koyamba ndi komaliza kundiuza za kwawo.

Ndiye usiku wina, osauza munthu kupatula akazi awo, adapita kubwinja kwathu. Adakweza mtondo wakale pachulu, n'kukhazikapo kamera, n'kuitsegula diso kuti ikhale chiyang'anire. Kenaka adayatsa nyali yagalasi n'kumayenda nayo mozungulira chitunda chilichonse, kuti kuwalako kulembe pamene padali khoma. Wotchi adalibe. Nthawi ankaiyeza poimba chamumtima nyimbo ya kutchalitchi ya mavesi asanu, ikatha n'kuyambiranso, ndipo chamumtima cha a Mbewe chinkamveka kutsidya kwa dambo.

Tsoka lake, a Nachisale ndi anzawo awiri ankachokera ku chikuta m'mudzi woyandikana nawo. Adaona moto ukuzungulirazungulira pafupi ndi manda, mawu a mwamuna akung'ung'uza. Kwathu kuno moto woyenda usiku kumanda uli ndi dzina limodzi lokha. Adathawa, wina mpaka kutaya nsalu, koma a Nachisale adaizindikira njinga itatsamira pamtengo wa mango.

Pofika masana nkhani idali itakula. Amene mwana wake adatsokomola sabata imeneyo adakumbukira kuti a Mbewe adamusisita kumutu. Amene nkhuku zake zidafa ndi chitopa adakumbukiranso zake. Atsibweni adaitanitsa mbumba yonse pabwalo la nyumba ya amayi. Mkamwini alibe mizu pamudzi. Akalakwa amangomupatsa mkeka wake n'kumulozera njira. Koma a Mbewe akadalozeredwa njira yopita kuti? A Esinati adalira mpaka maso kutupa. A Mbewe adapempha chinthu chimodzi, kuti anthu adikire filimu ikatsukidwe ku Lilongwe, chithunzi chidzawayankhire.

Masabata awiri amenewo adali owawa. Amuna a m'mudzi mwathu amadyera pamodzi madzulo, koma mbale ya a Mbewe ikafika aliyense ankapeza chifukwa chonyamukira. Ana amene ankawakwera pamsana adaletsedwa kudutsa pakhomo pawo. Iwo ankangopukuta njinga yoyera kale. Ine ndinkapita dala kukakhala pakhonde pawo n'kumasenda nawo mtedza, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma chifukwa ndidapsa mtima.

Chithunzi chitabwera tidasonkhananso. A Mbewe adanjuta chakumbali, atafulatira nyumba ya apongozi awo, ndipo amayi adali m'kati, kuseri kwa chitseko. Atsibweni adachilandira ndi nsonga za zala. Ine ndidasuzumira paphewa pawo. Mdima udali bii, mango akuoneka motuwa, ndipo pansi padali mikombero isanu ndi iwiri yoyera mbee, yozungulira bwinobwino. Munthu padalibe.

"Nanga wonyamula nyaliyo ali kuti?" adafunsa atsibweni.

"Kamera imagwira chokhazikika, a Gidiyoni. Ine ndinkayenda, ndiye sindidagwidwe. Chagwidwa ndi kuwala kokha."

"Ndiye kuti inuyo mumazimirira, eti?"

Anthu adati hii, ena n'kusendera kumbuyo. Chithunzi chimene chidayenera kuwapulumutsa ndicho chidawamangirira. Atsibweni adachiponya pamkeka n'kupukuta zala pakabudula. Adayamba kulankhula mawu aja oyamba ndi kuthokoza, akuti a Mbewe takhala nanu bwino, ndipo tonse tidadziwa kumene mawu otero amathera.

"Esinati," adaitana amayi m'nyumba muja. "Tabwera nacho kuno chinthucho."

A Esinati adachilowetsa. Padapita nthawi. Tidamva amayi akusuntha kuti apeze kuwala kwa pachitseko, kenaka tidamva chimene palibe adachiyembekezera: nkhalamba ija idali kuseka, kuseka mpaka kutsokomola.

"Esinati, uwafunse amuna ako. Iyi ili pakati pa mango awiriyi si nyumba yanga kodi?"

"Uwauze amayi kuti ndiyomweyo, monga adandilozera ana," adayankha a Mbewe, maso ali pansi.

"Uwafunsenso. Ine ndinkalowera pati, padenga? Azunguliza moto wawo mpaka kutseka khomo langa. Ndi la Nasiwelo atseka, ndi la make Dolika atseka. Mudzi wonse autsekera m'nyumba!"

"Uwauze amayi kuti andikhululukire. Sindidadziwe pamene padali makomo."

"Gidiyoni, wamva iwe? Mfiti ya mtundu wanji yosadziwa khomo la apongozi ake? Mfiti imadziwa khomo lililonse pamudzi, ndi pamene mwini wake amatsamiritsa mutu. Uyu ndi mlendo chabe, akufuna womulangiza. Mwezi ukawalanso nyaliyo ndikanyamula ndine. Wofuna kuthamangitsa anthu oyenda ndi moto kubwinja ayambe ndi ine."

Atsibweni adayesa kunena za mbande zimene zinkakula kunazale, ndi mvula imene idali pafupi. Amayi adati bwinja lidadikira zaka zisanu, khasu silingafe ndi mwezi umodzi. Nkhani ya mkeka ndi njira sidatchulidwenso tsiku limenelo, koma sidafe. Anthu ankadikira kuona ngati amayi akabwereko amoyo.

Usiku wake utafika tidanyamuka anayi, amayi, a Esinati, ine ndi a Mbewe, iwo ali patali kumbuyo. Tisanafike kudambo ndidacheuka, ndipo ndidaona mudzi wonse uli pambuyo pathu, atsibweni ali ndi chibonga, a Nachisale atagwira nsalu ya mnzawo. A Mbewe adakhazika kamera pamtondo paja n'kuphimba diso lake ndi chipewa. Adapangana ndi akazi awo kuti amayi akamaliza kuyenda, a Esinati anene kuti basi. Kenaka adachotsa chipewa chija, natembenuka kufulatira bwinja lonse, poti sakadaima n'kumayang'ana apongozi awo. Adayamba nyimbo yawo.

Amayi adayenda pang'onopang'ono, ndodo kudzanja ili, nyali kudzanja linalo. Pachitunda chilichonse ankayambira pamphuthu, kuzungulira, n'kudzaima mbali inayo, nyali n'kuibisa m'nsalu podutsa pakhomo.

"Apa pa Nasiwelo. Khomo lidapenya kudambo, kuti aziona amene akuba nzimbe zake."

Anthu adaseka, ndipo mantha adayamba kutha.

"Apa pa make Dolika. Apa padafera ana awiri chaka cha njala."

"Eee," adavomera amayi angapo mumdima.

"Apa nkhokwe, musaiwerenge. Apa pa amayi athu. Gidiyoni, iwe udabadwira apa, mutu udatulukira chauko, ndipo udalira usiku wonse ngati wakuba wagwidwa."

Atsibweni ndidawaona akuika chibonga pansi. Aliyense adayamba kuloza pake, wina kufunsa pamene padali khola la agogo ake, wina kukangana ndi mnzake za mtengo wa mandimu umene udauma kalekale. Amayi adamalizira nyumba yawo. Ataizungulira adalowera pakhomo penipeni, mowerama ngati denga likadalipo, n'kukhala pansi pamene ankakhala posenda nyemba. Nyali adaiika patsogolo pawo, manja pamaondo, n'kungoti duu.

Phokoso lidatha lokha. A Esinati misozi idali chuchuchu, ndipo mawu aja oti basi adawaiwala. Ife ena sitidalimbe mtima kuwadzutsa amayi. A Mbewe, poti adafulatira, sadadziwe kanthu. Adaimba nyimbo ija kasanu ndi kanayi, mawu mpaka kusasa, kenaka adatsokomola mwaulemu.

"Esinati, kodi amayi akadayendabe?"

Chithunzicho chili ndi a Esinati, m'Baibulo mwawo. Mikombero ilimo khumi ndi iwiri, uliwonse ndi mpata wa khomo lake. Pakati pa mango awiri pali amayi, atakhala, nkhope ikuoneka ndithu, ndi mphini za pamasaya zomwe. Moyo wawo wonse adakana kujambulidwa, ankati nkhope yawo siyopita nayo kumasitolo a ku Lilongwe, ndipo chithunzi chawo n'chomwechi basi. Atachiona adachiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Ndakalamba eti." A Mbewe okha ndiwo adadandaula. Ankati chidaonongeka, poti mwalowa munthu, ndiponso ankachita nacho manyazi, moti pochipereka kwa munthu ankayang'ana kumbali. Ine ndimati pa zithunzi zawo zonse chabwino n'chimenechi, ndipo tidakangana za ichi mpaka chaka chimene adadwala.

Madzulo a tsiku lotsatira usiku wa kubwinja uja, mbale ya a Mbewe idabwerako yopanda kanthu. Palibe adapepesa, kwathu kuno kupepesa kotero kumachitika ndi dzanja m'mbale. Amayi adawatumizira tambala ndi uthenga woti kuyambira tsopano akhoza kupatsana moni maso ndi maso, poti munthu amene wakuona pakhomo pako sungamubisirenso nkhope. A Mbewe adathokoza, tambala adadya, koma mawa lake atakumana nawo panjira ya kuchigayo adadumphirabe m'tsekera. Atsibweni adalima bwinja lonse osasiya ndi chitunda chimodzi chomwe. Fodya wake adachita bwino kwambiri, ndipo a Mbewe adathandiza kumusoka, uku akunena kuti akusoka khonde la make Dolika.

Amayi adatisiya chaka chotsatira. A Mbewe adakhalabe zaka zina ziwiri, akuyendera mabwinja a ku Mpingu ndi ku Namitete, ndipo tsopano midzi ina inkachita kuwaitana isanalime pakale pawo, n'kuwapatsa nkhalamba yonyamula nyali. Chifuwa chidawagwira mvula itayamba, ndipo sichidawazunze nthawi yaitali. Mwambo umati mkamwini akamwalira abale ake amadzamutenga kapena kudzanena mawu. Tidadikira tsiku lathunthu mongokwaniritsa mwambo, tikudziwa kuti kulibe wobwera. Adzukulu adadzafunsa atsibweni kuti akumbe kuti, kumphepete kumene timaika alendo kapena kwina.

"Mukumbe pafupi ndi alongo anga," adatero atsibweni. Adapukuta m'maso ndi chipewa, kenaka adaonjeza, "Koma musiyepo kampata. Amachita nawo manyazi."

Titameta, nyumba yawo idagwetsedwa monga timachitira, ndipo a Esinati tidawamangira ina pafupi ndi yanga. Pamalopo tsopano patsala pansi pozira, polimba, pamene mbuzi zimakonda kugona dzuwa likatentha. Mwala umene udali pakhomo ukadalipo. Kudzala kwamera dzungu lokha, ndipo layanga mpaka pamene padali kuchipinda. Palibe walibzala, palibenso wathyolapo nkhwani. Njira ya kuchitsime ikadatha kudutsa pakati, poti khoma palibe, koma anthu amakhotabe monga kale. M'mudzi mwathu nyumba imatchulidwa ndi dzina la mkazi, chifukwa mwamuna ndi wobwera. Timati pa Esinati, pa Nachisale, pa make uje. Koma sabata yatha mlendo wina adafunsa njira ya kwa atsibweni, ndipo ndidamva mwana wa zaka zisanu akumulozera ndi chala.

"Mupite chonchi, mukafika pa a Mbewe mukhotere kumanja."